Chaka Chimene Denga la Mfumu Linasiya Kudontha

Ku dziko la Dikirani, lomwe simungalipeze ngakhale mutafunsa makondakitala onse a mabasi, mvula sinkayamba chifukwa choti yagwa ayi. Inkayamba mfumu ikanyowa.

Mwambo wake unali wotere. Pansonga pa denga la udzu la nyumba ya bwalo panali bowo limene makolo anasiya, kaya mwadala kaya udzu unangowathera, palibe akudziwa. Mitambo ikayamba kuda, mfumu inkalowa m'nyumbamo, nyumba yopanda ndi zenera lomwe, n'kukhala pampando pansi penipeni pa bowolo, osatulukanso. Dontho loyamba likatera pa liwombo la mfumu n'kutsetserekera m'mbale yamkuwa, wogwira mbaleyo ankathamangira pakhomo n'kulengeza kuti dontho lagwa. Apo ndiye dziko lonse linkanyamula makasu kukadzala. Aliyense wodzala dontho lisanalengezedwe ankalandidwa munda, pa mlandu wotsogola mfumu.

Musafulumire kuseka. Mwambowu unkayenda bwinobwino, chifukwa denga lija linkadontha ngati dengu. Mvula ikangowaza, mfumu yanyowa kale, anthu ali kumunda.

Wogwira mbale pa nthawi ya Mfumu Ndakhalapo Yachinayi anali a Yotamu Kambalame, munthu wonenepa bwino, waulemu, amene ankagwira ntchito tsiku limodzi pa chaka n'kumadya chaka chonse. Masiku enawo ankakhala kumbuyo kwa mpando wa mfumu atakumbatira mbale yawo, kuomba m'manja pamene ena akuomba, ndi kunena kuti "Zoonadi" pamene pakufunika munthu wonena kuti zoonadi. Pa luso limeneli panalibe wowaposa. Akazi awo, Nangondo, ndiwo ankalima. Munda unali wosiyiridwa ndi malemu mayi awo, ndipo unali m'mbali mwa msewu wopita ku nyumba ya mfumu, moti nduna iliyonse yodutsa inkatha kuwerenga mizere ili m'galimoto. Mbewu yawonso inali ya mayi awo omwewo, chimanga chamakolo cholimba pa mtondo, chimene Nangondo ankachisunga pamwamba pa moto kuti anankafumbwe asachione.

Mavuto anabwera ndi a Mwalimbanazo, Nduna ya Zomangamanga. Iwowa anapita kunja kukaona mmene anzathu akutukukira, ndipo anabwerako ndi manyazi aakulu komanso mipukutu ya chipepala chakuda cha pulasitiki, chochindikala ngati chikopa cha ng'ombe. Manyaziwo anali akuti kunjako mafumu sanyowa. Chipepalacho chinali cha mtundu umene kumeneko amayala pansi pa madamu kuti madzi asalowe m'nthaka.

Pa tsiku lochionetsa, a Mwalimbanazo analankhula mpaka nkhuku zinayamba kulowa m'khola. Anati mdani wamkulu wa chitukuko ndi chinyontho. Anati chipepala chimenechi mungakulungemo nyanja, osataya ndi supuni yomwe. Anafotokoza mmene amisiri adzayalire mbali ina pamwamba pa inzake, n'kuziwotcherera ndi chitsulo chamoto kuti zigwirane, msoko osaoneka. Vuto linali limodzi lokha: Bowo la Makolo silitsekedwa, umenewo ndi mwambo. Koma nduna inali itaganiza kale. Bowo lisiyidwa mmene lilili, chipepala chiyalidwa kunsi kwake, n'kukhomeredwa m'mbali monse ku phaso la denga. Motero makolo sakhumudwa, mfumu sinyowa.

Kafunso kena kanawakanda a Yotamu pakhosi nthawi imeneyo. Anayang'ana mbale yawo, n'kuyang'ana mipukutu ija. Koma anthu anali atayamba kale kuomba m'manja, ndipo a Yotamu sanali munthu wotsalira pa zoterezi. Kafunsoko anakameza ndi thobwa la pa mwambowo.

Mvula inabwera pa nthawi yake, yabwino, yamadontho akuluakulu. Nangondo, amene chaka chilichonse ankadziwa kuti mvula yoyamba ikagwa amuna awo alengeza tsiku lomwelo, anatsitsa theka la mbewu n'kuinyika m'madzi kuti ikamere msanga. Anakonza khasu, nadikira mawu ochokera ku bwalo. Mawuwo sanabwere.

M'nyumba ya bwalo munali mouma gwa. Mfumu Ndakhalapo, munthu wosaipa mtima koma amene anaphunzitsidwa kuti dziko limathera pamene maso ake athera, inali pampando, chisoti itavula, liwombo lili poyera kudikira. A Yotamu anali pambali atatchera mbale. Nduna zinkafika zitavumbwa mpaka m'nsapato, koma popeza kuonekera pamaso pa mfumu utanyowa iyo isananyowe unali mlandu, anamanga kachisakasa pakhomo kosinthiramo zovala. Aliyense ankalowa ali wouma, tsitsi litapukutidwa, n'kugwada.

"Kunja kuli bwanji?" mfumu inkafunsa m'mawa uliwonse.

"Tikudikira inu, Mfumu," nduna zinkayankha, ndipo kunena zoona bodza panalibe.

Bingu likagunda mfumu inkadzidzimuka, koma a Kamwankhani, Nduna ya Zolengeza, ankafotokoza kuti zimenezo ndi ng'oma za anthu amene akuthokoza chifukwa cha denga latsopano. Mfumu inkamwetulira, n'kulamula kuti oimbawo apatsidwe mbuzi. Mbuzizo zinkathera kwa a Kamwankhani.

Madzi olowa pa Bowo la Makolo analibe kopita. Amisiri anawotcherera bwino kwambiri, tisawanamizire. Choncho chipepala chija chinayamba kulendewera pakati, poyamba ngati thumba la mchere, kenako ngati mimba ya ng'ombe yabere, chakuda, chonyezimira, chili pamwamba penipeni pa mpando. Mfumu itafunsa, a Mwalimbanazo anati zipangizo zamakono zimatero zikakhwima. Bwalo linakambirana tsiku lonse n'kugwirizana zochitcha Mimba ya Chitukuko. A Yotamu anati zoonadi, koma mawu anatuluka opyapyala.

Ku msika wa Taonerera anthu ankapatsana moni ali m'matope ofika m'akakolo. Wina akati, "Chilala chavuta chaka chino," mnzake ankayankha akufinya malaya kuti, "Chavutadi, dzulo chinandigwetsera khoma la bafa." Wogulitsa maambulera anakweza mtengo, n'kumakuwa kuti ali ndi zotchingira dzuwa. Lamulo linatuluka lakuti aliyense wopezeka atanyowa anene kuti ndi thukuta, ndipo asilikali a mfumu ankayenda kufunsa anthu, iwonso thukuta likuchucha m'zipewa. Lamulo lina linaletsa achule kulira, poti ankafalitsa mphekesera. Achule sanamve, ndipo ena anagwidwa.

Tsiku lina a Yotamu anadzera kumsikako akuchokera ku ntchito, mbale ili pamutu ngati chipewa. Mayi wina wogulitsa tomato, Nachisale, amene sankaopa munthu, anawapatsa moni wautali kuposa masiku onse. Anawafunsa za umoyo wa mfumu, za umoyo wa mbale, kenako n'kudandaula kuti kwawo kuseri kwa phiri udzu wavuta kwambiri.

"Udzu wake wachilendo, bambo," anatero Nachisale akusanja tomato. "Ukumera m'mizere, utatu utatu pa phando. Tikungouyang'ana, nanga tingatani."

Aliyense pamsikapo ankayang'ana kumbali. Apo a Yotamu anamvetsa. Onse okhala ndi minda kutali ndi msewu anali atadzala kalekale. Otsala anali a m'mbali mwa msewu okha, ndipo pakati pa amenewo, munda umene nduna zinkauyang'anitsitsa kwambiri unali wa mkazi wa wogwira mbale.

Kunyumba anapeza Nangondo akukhuthulira nkhuku mbewu yonyika ija. Inali itamera mumphika, kenako n'kuola, ikununkha ngati masese. Nangondo sanakweze mawu, ndipo a Yotamu akanakonda akanakweza.

"Bambo a Esinati, theka la mbewu ya amayi anga ndi ilo likudyedwa ndi nkhuku," anatero. "Yotsalayo ndainyika lero. Ikangotulutsa mizu ndikudzala. Akafuna kulanda munda adzalande ndili momwemo."

A Yotamu anayesa kufotokoza kuti nkhaniyi ili m'manja mwa akuluakulu, kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Nangondo anawafunsa ngati nkhonoyo idzawadyetse mwezi wa njala. Kenako anawapatsa mkute wozizira, n'kupita kukanola khasu pamwala, pamalo poti amuna awo azimva bwino.

A Yotamu anachita mantha enieni, mantha amene anali asanawamvepo chilowereni ntchito. Nangondo akadzala, munda wa amayi awo upita. Akapanda kudzala, mbewu yomaliza iola, ndipo chimanga chimene banja lija linadya kuyambira kalekale chithera m'mimba mwa nkhuku. Njira inali imodzi basi, dontho ligwe. Koma kukhudza chipepala cha mfumu unali mlandu woukira, ndipo a Yotamu, ngakhale akanafuna, thupi lawo silinali lokwera nalo padenga.

Mmene mbewu inkayamba kusweka mumphika, bwalo linaitanidwa pa nkhani yaikulu. A Kamwankhani anaimirira n'kunena kuti popeza dontho silinagwe, ndiye kuti mvula sinagwe, ndipo popeza mvula sinagwe, dziko lili pa chilala choopsa. Mfumu ilengeze chilalacho kuti maiko oyandikana nawo atumize chimanga. Nduna zinavomera mwachisoni chachikulu, ndipo nthawi yomweyo zinayamba kukangana kuti chimangacho chikasungidwe kwa ndani. A Mwalimbanazo anati nkhokwe yawo ndi youma kuposa zonse, poti anaiyala zotsala za chipepala chija.

A Yotamu sankamvetsera. Ankayang'ana Mimba ya Chitukuko, imene tsopano inali itatsika moti munthu wamtali akanaisisita ndi dzanja. Kenako maso awo anagwera pa nthungo ya ufumu, imene inkakhala yotsamira kukhoma chaka chonse, nsonga yake yonoledwa ndi kupakidwa mafuta ngakhale inali isanalasepo ndi mbewa yomwe. Anaika mbale pansi, nagwada, naomba m'manja pamene panalibe wina aliyense woomba.

Bwalo lonse linatembenuka. Ambiri anali asanamvepo a Yotamu akunena mawu oposa amodzi.

"Mfumu, pepani, ine ndine wa mbale chabe," anatero. "Koma agogo anga, amenenso ankagwira mbale yomweyi, ankati chilala sachilengeza chokhala. Mfumu imaimirira pampando, n'kutenga nthungo, n'kuloza nayo kumwamba mwamphamvu, kudzudzula mitambo chifukwa cha ulesi wake."

Agogo a a Yotamu anali osoka mphasa, ndipo ku bwalo sanapondeko. Koma ku Dikirani kuli matenda amodzi amene sanapezeke mankhwala: palibe wamkulu amene angavomere kuti pali mwambo umene sakuudziwa. Maso onse anapita kwa a Gwirizeni, nkhalamba yosunga miyambo, imene inali ikuodzera. A Gwirizeni anatsokomola, nati mwambowo akuudziwa bwino kwambiri, anangodikira kuti aone ngati ana amakono akuukumbukira. Anawonjeza kuti mnyamatayu waiwala mbali ina: mfumu imavula nsapato. Nduna ina, posafuna kutsalira, inati imakumbukiranso kuti nduna zonse zimazungulira mpando pafupi kwambiri, zitayang'ana kumwamba. A Kamwankhani anati ndi kukamwa kotsegula, kusonyeza ludzu la dziko. A Yotamu anati zoonadi, ndipo ulendo uno mawuwo anachokera pansi pa mtima.

Mfumu Ndakhalapo inakondwa, pakuti inali itakhala pampando paja mpaka miyendo kuchita dzanzi. Inavula nsapato, inakwera pampando mothandizidwa, inalandira nthungo. Nduna zinaunjikana mozungulira, nkhope kumwamba, kukamwa yasa. Mfumu inadzudzula mitambo ndi mawu okoma ndithu, n'kubaya kumwamba.

Nthungo inaterereka. Mimba ya Chitukuko inagwedezeka, inalira kuti khuvu, koma sinabooke.

"Mwaona katundu wake?" a Mwalimbanazo ananong'oneza mnzawo monyadira.

M'maganizo mwawo a Yotamu anaona Nangondo ali ndi khasu m'mbali mwa msewu, galimoto ya nduna ikuima. Ndiye anatsegulanso pakamwa, nati agogo aja ankanenanso kuti kachiwiri mfumu imadumpha. A Gwirizeni anati ameneyo ndiye mtima wa mwambo wonse.

Mfumu inadumpha.

Zimene zinatsika pamenepo sizinali dontho. Inali mvula yonse ya chiyambire dzinja, yosungidwa mosamala popanda kutayikapo ndi supuni yomwe, monga nduna inalonjezera. Inatsika ndi udzu wowola, zisa za mbalame, ndi chule mmodzi amene mpaka lero palibe akudziwa kuti anakwera bwanji. Mpando unapita uku, mfumu uko. Nduna zimene zinatsegula kukamwa mokhulupirika zinamwa gawo lawo. A Gwirizeni anapezeka pakhomo atakhala pansi, akunena kuti kale zinkathera momwemu.

A Yotamu, amene anali ataima patali pang'ono pazifukwa zawo, anatola mbale ikuyandama. Munali madzi ndi chule uja. Anayang'ana mfumu, naona kuti liwombo lanyowa mosakayikitsa. Anadutsa m'madzi ofika m'mawondo, natsegula chitseko, nakuwa ndi mawu onse amene anawasunga zaka zonse zija:

"Dontho lagwa!"

Kunja kunali dzuwa lowala bwino, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe. Mvula inali itakata m'mawa womwewo. Ku msika wa Taonerera anthu anamva mfuwu uja, anayang'ana kumwamba, n'kuyang'anana. Nachisale anatambasula ambulera yake, nati yafikadi, tiyeni tibisale.

Pofika masana a Kamwankhani anali atalengeza kuti Mfumu Ndakhalapo yalasa thambo ndi dzanja lake n'kugwetsa mvula, zimene mafumu akunja sanachitepo. A Mwalimbanazo anapatsidwa mendulo chifukwa chosunga madzi a dziko. Lamulo linatuluka lakuti popeza dzinja layamba, aliyense aziyenda ndi ambulera, ndipo wopezeka akudandaula za dzuwa afotokoze bwino. Komabe mfumu inali itayamba chimfine, ndiye pankafunika wolakwa. Bwalo linapeza kuti mwambo umanena za dontho, limodzi, ndipo wogwira mbale analephera kuletsa enawo. A Yotamu anachotsedwa ntchito. Chilango chawo chinali kusenza chipepala chong'ambikacho kudutsa nacho pamsika, pamodzi ndi mbale, imene inali itadetsedwa ndi chule wophwanya lamulo.

Anachisenza. Chinali cholemera, chonunkha, chikukwekwereka kumbuyo, ndipo ana ankachiponda dala. Koma anthu a m'mbali mwa msewu, amene ankathamangira kuminda ndi makasu, ankaima pang'ono powaona, ena n'kuvula zipewa. A Yotamu sanadziwe poyang'ana, poti ulemu wopanda mpando kumbuyo kwake anali asanaulandirepo.

A Yotamu anapeza Nangondo ali kale pakati pa munda, mphika wa mbewu uli m'chiuno. Nangondo sanafunse za ntchito. Anayang'ana chipepalacho, anayang'ana amuna awo, n'kuwapatsa khasu. Anadzala mpaka mbewu yonse inatha, a Yotamu manja atatuluka matuza.

Kenako kunabwera ng'amba. Dzuwa linawomba tsiku ndi tsiku, anthu akuyenda ndi maambulera monga mwa lamulo, ndipo ulendo uno ankawathandizadi. Udzu wa m'mizere wa kuseri kwa phiri unali utazika kale mizu, sunadandaule. Koma chimanga cha Nangondo chinali chitangotuluka kumene, timasamba tiwiri, ndipo masana tinkapota ngati tikupempha. Kumunsi kwa munda kunkadutsa kamfuleni kochokera kuphiri, koma madzi ake ankangolowa mumchenga, ukakumba dzenje m'mawa, masana lauma.

A Yotamu anakhala pa chipepala chija pansi pa mtengo akuganiza, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anakumbukira mawu a m'kati mwa zimene anaziombera m'manja. Nduna inati kunjako amachiyala pansi pa madamu. Anakumba dzenje lalikulu mpaka msana unakana, anachotsa miyala ndi mizu yosongoka, iwo ndi Nangondo n'kuyalamo chipepalacho, mbali yolasidwa ndi mfumu ataisiya kumtunda. M'mbali anatsindira ndi dothi, n'kupatutsiramo kamfuleni kaja. Madzi analowa, ndipo anakhala. Katunduyo analidi wabwino, tisawanamizire a Mwalimbanazo.

Ankathirira ndi mbale yamkuwa, phando ndi phando, m'mawa ndi madzulo. Mizere ya kumtunda inapsa, sanaifikire. Yotsalayo inapirira mpaka mvula inabweranso, osapempha chilolezo kwa aliyense, ndipo Nangondo anasankhiratu ndi maso mapesi amene adzasungeko mbewu.

Tsiku lina akupalira, galimoto yaikulu inadutsa pamsewu italunjika ku nyumba ya mfumu, itanyamula mipukutu yatsopano. Woyendetsa anaima kupempha madzi akumwa, ndipo anawauza monyadira kuti chimenechi n'chochindikala kawiri, nthungo siingachiboole ngakhale mfumu idumphe bwanji.

A Yotamu anaiyang'ana galimotoyo mpaka inakhota. Nkhawa yakale inawabwereranso.

"Nangondo, nanga chaka chamawa tidzadziwa bwanji kuti mvula yagwa?"

Nangondo sanaweramuke n'komwe.

"Mudzatuluka panja, bambo a Esinati," anatero. "Tengani mbaleyo, mzere uwo wauma."